Mmene maenzaimu amatsegulira mphamvu ya m'chakudya

Aliyense amene anaonererapo thobwa likuphikidwa akudziwa kuti pali kanthawi kena pamene mphika umachita zodabwitsa. Phala la mgaiwa limakhala litapsa, lolimba moti mthiko ukhoza kuima wokha, ndipo wophikayo amaliphula n'kulisiya kuti lipoleko. Likafika pofunda amathiramo chimera, mwina chodzaza manja awiri okha mumphika waukulu, n'kuvundula. Posakhalitsa phala lija limafewa, kenako limayamba kuyenda ngati madzi, ndipo munthu akalawa amamva kutsekemera ngakhale kuti palibe amene wathiramo shuga. Amayi a kwathu amene ali kuno ku Johannesburg sanaleke luso limeneli. Ena amaitanitsa chimera cha mawere pa mabasi ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena amagula cha mapira cha m'mapaketi chimene anzathu a kuno amafululira mowa wawo wa umqombothi, koma onsewo amasunga lamulo limodzi limene azakhali anga ankandiuza ndili mwana, lakuti chimera sathira m'phala lowira chifukwa chimafa. Azakhaliwo ankanena zoona, ndipo chimene chimafa m'phala lowiralo ndi maenzaimu.

Njere ya mawere kapena ya mapira ndi kankhokwe ka sitachi. Ikanyowa n'kuyamba kumera, kammera kake kamakhala kalibe masamba opangira chakudya, choncho kamadalira nkhokweyo. Koma sitachi ndi unyolo wautali wa timagawo ta shuga wotchedwa gulukosi, mazanamazana kapena masauzande olumikizana, ndipo kammerako sikangadye unyolowo uli choncho. Ndiye njereyo imapanga mapuloteni apadera otchedwa amylase, amene ntchito yawo ndi kudula unyolowo kuti ukhale tizidutswa ta shuga. Tikayanika njere zomerazo padzuwa n'kuzisinja, timakhala tawagwira mapuloteniwo ntchito ili mkati, ndipo tikawathira m'phala amapitiriza kudula sitachi ya chimanga monga momwe akanadulira ya njere yawo. Unyolo ukafupika phala limasungunuka, ndipo tizidutswa ta shuga tikachuluka limatsekemera. Mu 1833 akatswiri awiri a ku France, Anselme Payen ndi Jean-François Persoz, anapatula chinthu chodula sitachichi kuchokera m'chimera cha balere n'kuchitcha diastase. Dzina lakuti enzaimu linabwera pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1870, kuchokera kwa Wilhelm Kühne wa ku Germany, amene analitenga ku mawu a Chigiriki otanthauza chinthu cha mu yisiti.

Louis Pasteur anaonetsa kuti mowa umasasa chifukwa cha yisiti yamoyo, ndipo iye ankakhulupirira kuti popanda selo lamoyo kusasako sikungachitike. Mu 1897 Eduard Buchner anapera yisiti ndi mchenga, nafinya madzi ake opanda selo lamoyo ngakhale limodzi, ndipo atathiramo shuga madziwo anayamba kuchita thovu ndi kupanga mowa. Analandira mphoto ya Nobel mu 1907. Mu 1926 James Sumner wa ku America anaonetsa kuti enzaimu ina ya m'nyemba, yotchedwa urease, ndi puloteni, ndipo lero tikudziwa kuti pafupifupi maenzaimu onse ndi mapuloteni ndiponso kuti m'thupi la munthu muli mitundu yawo masauzande angapo.

Funso limene ndimaliona kuti ndilo phata la nkhani yonse ndi ili: n'chifukwa chiyani shuga amafuna womuthandiza kuti aphwanyike? Pa mapaketi a chakudya chimene timagula kuno pamalembedwa mphamvu yake m'makilojulu, ndipo galamu imodzi ya shuga kapena sitachi imakhala ndi makilojulu pafupifupi 17, pamene ya mafuta imakhala ndi 37. Mphamvu imeneyi imatuluka shuga akaphatikizana ndi mpweya wa okosijeni n'kusanduka madzi ndi carbon dioxide. Komabe paketi ya shuga ikhoza kukhala pa shelefu ya kagolosale (spaza) kwa zaka, okosijeni ali pomwepo usana ndi usiku, shugayo osachepa ngakhale pang'ono. Makala a pa mbaula nawonso ndi chimodzimodzi. Ali ndi mphamvu yopsetsa nyemba, mpweya wawazungulira, koma sayaka mpaka wina atakoleza ndi kukupiza. Chifukwa chake n'chakuti maatomu a m'molekyulu (kagulu ka maatomu olumikizana) asanalumikizane mwatsopano, malumikizidwe akale amayenera kukokedwa ndi kupindika mpaka kufika pa mkhalidwe wosakhazikika, ndipo kufika pamenepo kumafuna mphamvu yoyambira. Zili ngati mwala umene uli paphiri, chigwa chili m'munsi mwake, koma pakati pali chitunda: mwalawo sugubuduka usanakankhidwe kufika pamwamba pa chitundacho.

Moto umadutsa chitundacho mwankhanza. Kutentha kumathamangitsa mamolekyulu kuti aziwombana mwamphamvu, ena amadutsa, mphamvu imene atulutsa imatenthetsa anzawo, ndipo zonse zimapsa nthawi imodzi. Thupi la munthu, limene limakhala pa madigiri 37 ndipo mbali yake yaikulu ndi madzi, silingatsate njira imeneyi. Chimene enzaimu imachita ndi kutsitsa chitundacho, moti kufunda kwa thupi komweko kumakwanira. Apa pali mfundo imene ophunzira ambiri amaiphonya, ndiye ndiitsindike. Enzaimu siwonjezera mphamvu m'chakudya, ndiponso singachititse kuti ntchito yofuna mphamvu ichitike chaulere. Kutalika kwa kuchokera paphiri kukafika m'chigwa kumakhala komweko, ndipo chimene chimasintha ndi liwiro lokha. Komanso enzaimuyo siitha. Ikamaliza ndi molekyulu imodzi imatsala momwe inalili n'kugwira ina, n'chifukwa chake chimera chodzaza manja chimakwanira mphika wonse.

Nanga chitundacho imachitsitsa bwanji? Puloteni ndi mkanda wautali wa timagawo totchedwa ma amino acid, ta mitundu 20, ndipo mkandawo umadzipinda mwa dongosolo lakelake mpaka kukhala kambulunga kokhala ndi kamphako pamalo amodzi. M'kamphakomo ndi momwe mumalowa chinthu chofunika kusinthidwa. Mu 1894 Emil Fischer anayerekeza zimenezi ndi loko ndi kiyi wake, pofuna kufotokoza chifukwa chake enzaimu iliyonse imasankha chogwira. Amylase imadula sitachi koma singakhudze ulusi wa m'mapesi a chimanga, ngakhale kuti ulusiwo nawonso ndi unyolo wa gulukosi yemweyo, chifukwa timagawo take tinalumikizana mopendekera kwina. Mu 1958 Daniel Koshland anawongola fanizolo ponena kuti kamphakoko si kouma ngati chitsulo, koma kamafumbata chinthucho chikangolowa. Ndipo Linus Pauling anali atanena kale m'zaka za m'ma 1940 mfundo yakuya kuposa ziwirizi, yakuti kamphakoko kamakwanirana bwino kwambiri ndi molekyulu itapindika kale, ili pamwamba pa chitunda, kusiyana ndi mmene imakhalira isanayambe kusintha.

Wothyola nzimbe amachita zofanana ndi zimenezi. Nzimbe yongoigwira m'malere ndi yovuta kuthyola, koma munthu akaigwira mbali zonse ziwiri n'kuikanikiza pa bondo, imathyoka mosavuta, bondolo n'kutsala lili bwinobwino kudikira ina. Enzaimu nayo imagwira molekyulu pamalo angapo nthawi imodzi, imaitembenuzira mbali yoyenera, imaipinda pamene payenera kuthyoka, ndipo timagawo tina ta m'kamphako timaibwereka pulotoni (kachidutswa ka atomu, osati puloteni) kapena kuilanda pa nthawi yake yeniyeni. Maenzaimu ena amakhala ndi atomu ya zinki, ayironi kapena kopa pakati pawo, imene imakoka maelekitironi (tizidutswa ta atomu timene timagwirizanitsa maatomu) n'kufooketsa pamalo ofunika kuthyoka. Ngati pali mamolekyulu awiri oyenera kukumana, amene m'madzi a m'selo akanangoyendayenda n'kumaphonyana, enzaimu imawakhazika moyandikana ndi moyang'anana.

Liwiro limene limatuluka pamenepa ndi lovuta kulikhulupirira. M'maselo ofiira a magazi muli enzaimu yokhala ndi zinki yotchedwa carbonic anhydrase, imene imaphatikiza carbon dioxide ndi madzi kuti magazi amunyamule kupita naye ku mapapo, ndipo molekyulu imodzi ya enzaimuyi imatha kusintha mamolekyulu ofika 1 miliyoni pa sekondi. Thovu limene limatuluka munthu akathira hydrogen peroxide pa bala ndi okosijeni wotulutsidwa ndi catalase, imene liwiro lake limaposa pamenepo. Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri chinafalitsidwa mu 1995 ndi Anna Radzicka ndi Richard Wolfenden. Iwo anayeza sitepe imodzi mwa masitepe opangira timagawo ta DNA, ndipo anapeza kuti popanda enzaimu pangapite zaka 78 miliyoni kuti theka la mamolekyuluwo lisinthe, pamene enzaimu yake imamaliza ntchitoyo sekondi isanathe.

Mafakitale nawo ali ndi zofulumizitsa zawo, ndipo dziko lino la South Africa likuzidziwa bwino. Pulatinamu yokumbidwa cha ku Rustenburg imaikidwa m'mapaipi a utsi wa galimoto kuti isinthe mpweya wapoizoni, ndipo ku Secunda kampani ya Sasol imagwiritsa ntchito zofulumizitsa za ayironi popanga mafuta a galimoto kuchokera ku malasha. Koma zimenezi zimagwira pa kutentha kwa madigiri mazana angapo. Popanga feteleza, nayitirojeni wa mumlengalenga amasandutsidwa amoniya pa madigiri 400 mpaka 500, atapanikizidwa kuwirikiza maulendo oposa 100 poyerekeza ndi mpweya umene timapuma. Mabakiteriya okhala m'timibulu ta ku mizu ya nandolo, soya ndi mtedza amagwira ntchito yomweyi m'dothi la m'munda, ndi enzaimu yotchedwa nitrogenase. Sachita chaulere ayi, chifukwa molekyulu iliyonse ya nayitirojeni imawadyera ma ATP 16, mamolekyulu onyamula mphamvu m'selo amene tiwafotokoza kutsogoloku, ndipo chomeracho chimawalipira ndi shuga wochokera m'masamba ake.

Popeza luso la enzaimu lili m'kaumbidwe kake, chilichonse chosokoneza kaumbidweko chimaipha. Kutentha kukamakwera liwiro limakwera nako, nthawi zambiri kuwirikiza pafupifupi kawiri pa madigiri 10 alionse, mpaka pamene mkanda wa puloteni umayamba kumasuka, ndipo ukamasuka kamphako kamatha, monga momwe choyera cha dzira chimalimbira pamoto osabwereranso mwakale. Ma amylase a m'chimera amagwira bwino pakati pa madigiri pafupifupi 55 ndi 70, n'chifukwa chake phala liyenera kukhala lofunda ndithu, losawira komanso losazizira. Kuno madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94 chifukwa mzindawu uli pamtunda, koma kumeneko n'kutentha kokwanirabe kupha chimera. Kuwiritsa thobwa kachiwiri kumaimitsa ntchito ya amylase kutsekemera kutafika pofunika. M'chisanu cha June ndi July thobwa limachedwa kusasa, ndipo filiji imasunga ndiwo mwa njira yomweyo, pochedwetsa maenzaimu a mabakiteriya, amene amayambiranso kuthamanga magetsi akazima kwa maola ambiri. Asidi nayenso amasiyanitsa maenzaimu. Pepsin, imene imadula mapuloteni a m'ndiwo, imafuna asidi wamphamvu wa m'chifu, pamene amylase ya m'malovu imaleka kugwira ntchito asidiyo akaifikira.

Tsopano titsatire mphamvu yeniyeniyo kuyambira kumene imachokera. Mphamvu ya mu nsima, imene kuno amaitcha pap, ndi ya dzuwa. Tsamba la chimanga limagwira kuwala n'kugwiritsa ntchito mphamvu yake kung'amba madzi, kutulutsa okosijeni, ndi kumanga shuga kuchokera ku carbon dioxide. Enzaimu imene imagwira carbon dioxide ameneyu, yotchedwa rubisco, ndi yochedwa modabwitsa. Imangokwanitsa mamolekyulu ochepa pa sekondi, ndipo nthawi zina imalakwitsa n'kugwira okosijeni, makamaka kunja kukatentha. Zomera zimabweza kuchedwako poipanga yochuluka zedi, moti imawerengedwa m'gulu la mapuloteni ochuluka kwambiri pa dziko lapansi. Chimanga, mapira, mawere ndi nzimbe zili ndi njira ina yowonjezera, imene Marshall Hatch ndi Roger Slack anaifotokoza ku Australia mu 1966. M'mbewu zimenezi enzaimu ina imayamba yatolera carbon dioxide n'kukamuunjika pafupi ndi rubisco m'maselo a mkati mwa tsamba, kotero kuti kulakwitsa kuja kumachepa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zimachitira bwino m'madera otentha ngati kwathu kusiyana ndi tirigu.

Mbamu ya nsima ikalowa m'kamwa, amylase ya m'malovu imayamba ntchito yomwe ija ya chimera, ya m'kapamba imaipitiriza m'matumbo, ndipo maenzaimu a pakhoma la matumbo amamaliza kudula mpaka kutsala gulukosi yekha, amene amalowa m'magazi. Selo silingagwiritse ntchito mphamvu yonse ya gulukosi nthawi imodzi. Zili ngati kukwera takisi m'mamawa pa siteshoni ya matakisi ya Bree uli ndi R200 yokha: ndalamayo ndi yabwinobwino, koma iyenera kusinthidwa kaye. Chenji ya m'selo ndi ATP, molekyulu yokhala ndi timagulu titatu ta phosphate, ndipo kagulu komaliza kakadulidwa pamatuluka mphamvu yochepa yokwanira kantchito kamodzi, monga kukoka kaulusi ka mnofu, kupopa mchere kudutsa khoma la selo, kapena kumanga kachigawo ka molekyulu yatsopano. Karl Lohmann anaipeza mu 1929, ndipo mu 1941 Fritz Lipmann anafotokoza kuti ndiyo imanyamula mphamvu m'selo. Apa m'pamene enzaimu imaonetsa luso lina. Ndanena kale kuti singakweze chinthu kumtunda chaulere, koma ikhoza kumangirira ntchito yokwera ku ntchito yotsika. M'kamphako kamodzi imagwira ATP pamodzi ndi chinthu chofunika kumangidwa, kotero kuti kugwa kwa chimodzi kumakweza chinzake. Popanda kumangirira kumeneku ATP ikanangophwanyika n'kufunditsa madzi a m'selo basi.

Gulukosi amaphwanyidwa pang'onopang'ono, sitepe iliyonse ndi enzaimu yake. Masitepe 10 oyambirira amachitikira m'madzi a m'selo ndipo safuna okosijeni. Amang'amba gulukosi pakati n'kupereka phindu la ma ATP 2 okha. Yisiti ndi mabakiteriya akamasasitsa thobwa, chambiko kapena amasi amalekera pomwepa, n'kutaya zotsalazo ngati mowa kapena asidi wowawasa uja, ndipo n'chifukwa chake zakumwa zimenezi zimakhalabe ndi mphamvu yambiri yoti ife tipindule nayo. Mnofu wa munthu amene akuthamangira sitima nawo umadalira njira yachidule yomweyi kwa kanthawi. Koma okosijeni akakhalapo, zidutswa ziwiri zija zimalowa m'tizipinda ta m'selo totchedwa mitochondria, mmene zimadutsa m'mzere wozungulira wa maenzaimu umene Hans Krebs anauzindikira ku Sheffield mu 1937 pogwiritsa ntchito mnofu wa pachifuwa cha nkhunda. M'menemo kaboni yense amatuluka ngati carbon dioxide amene timapumira kunja, ndipo chimene selo limasunga ndi maelekitironi, amene ambiri mwa iwo amanyamulidwa ndi kamolekyulu kotchedwa NAD.

Chimene chimachitika pambuyo pake chinazunguza akatswiri kwa zaka zambiri. Mu 1961 Peter Mitchell wa ku England anapereka yankho limene ambiri poyamba analikana, mpaka linadzam'patsa mphoto ya Nobel mu 1978. Amene anafikapo ku Nkula kapena ku Tedzani pa mtsinje wa Shire alimvetsa msanga. Maelekitironi aja amapatsiridwa kuchokera ku enzaimu ina kupita ku inzake pa khoma la mkati la mitochondria, akutsika pang'onopang'ono, ndipo mphamvu imene amasiya potsikapo imagwiritsidwa ntchito kupopera mapulotoni kuseri kwa khomalo. Mapulotoniwo amaunjikana ngati madzi kuseri kwa damu, ndipo khomo lalikulu lobwererera ndi enzaimu yotchedwa ATP synthase. Imeneyi ndi makina enieni ozungulira. Mapulotoni akamadutsa amazungulitsa kamtengo ka pakati pake, mwina maulendo oposa 100 pa sekondi, ndipo kuzungulira kamodzi kumatulutsa ma ATP 3. Paul Boyer ndi John Walker analandira mphoto ya Nobel mu 1997 chifukwa chofotokoza kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo m'chaka chomwecho akatswiri a ku Japan anakuona kuzungulirako pa maikulosikopu. Zonse zikawerengedwa, gulukosi mmodzi amapereka ma ATP pafupifupi 30, poyerekeza ndi 2 aja a njira yachidule.

Kumapeto kwa mzere wa maelekitironi kumadikira okosijeni, amene amawalandira n'kusanduka madzi, ndipo ntchito yaikulu imene timapumira ndi imeneyi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, moti mpweya umene timakoka kuno uli ndi okosijeni wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 poyerekeza ndi wa m'mbali mwa nyanja ya mchere. Paja mbale wathu wongofika kumene kuchokera ku Nsanje kapena ku Mangochi amapuma mwawefuwefu akakwera masitepe a fulati kapena akasenza matumba a simenti masiku oyambirira, mpaka thupi litachulukitsa maselo ofiira a magazi pakapita masabata angapo.

Pa sitepe iliyonse mbali ina ya mphamvu imatayika ngati kutentha, ndipo imeneyo sibwereranso kudzagwira ntchito. Munthu wamkulu amagwiritsa ntchito makilojulu 8,000 mpaka 10,000 pa tsiku, amene akagawidwa pa masekondi a tsiku lonse amafanana ndi babu lakale la mawati 100 loyaka osazima. Ubongo wokha, umene ndi magawo 2 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi, umatenga pafupifupi magawo 20 pa 100 alionse a mphamvu imene timagwiritsa ntchito titangokhala. ATP yosungidwa m'mnofu imakwanira masekondi ochepa chabe a ntchito yakalavulagaga, motero molekyulu iliyonse imadulidwa ndi kulumikizidwanso maulendo mazanamazana pa tsiku, mpaka kulemera kwa ATP yonse yopangidwa tsiku limodzi kumayandikira kulemera kwa munthu mwiniwake. Maatomu amazungulira, kuchoka mumpweya kulowa m'chimanga, m'thupi, n'kubwereranso mumpweya, koma mphamvu imayenda ulendo wosabwerera, kuchokera ku dzuwa kukathera m'kutentha. Nkhuku yodya madeya imatha mbali yaikulu ya mphamvuyo podzifunditsa ndi poyenda, ndipo yochepa yokha ndi imene imatsala m'nyama, chimene ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nyama imadulira kuposa ufa.

Maenzaimu onse akanati azithamanga pa liwiro lawo lonse nthawi zonse, thupi likanatha nkhokwe zake tili m'tulo. Ena mwa iwo ali ngati zitseko za ngalande ya mthirira. Enzaimu ya sitepe yachitatu yophwanya gulukosi, phosphofructokinase, ili ndi kamphako kachiwiri kumene ATP imakakhala ikachuluka, ndipo ikakhala pamenepo kaumbidwe ka enzaimuyo kamasintha, ntchito n'kuchedwa, mpaka ATP itachepanso. Tikadya, insulini imatsegula maenzaimu osunga gulukosi m'chiwindi ndi m'minofu, pamene tikadzidzimuka adrenaline imatsegula otapa m'nkhokwemo. Ndiye kuti chitunda chija, chimene poyamba chimaoneka ngati chopinga, ndicho chimene chimatheketsa dongosolo lonseli. Popeza palibe chimene chimachitika chokha pa liwiro lofunika, selo limatha kusankha chochitika, malo ake ndi nthawi yake, posankha enzaimu yoti itsegulidwe.

Maenzaimu ambiri amafuna tizipangizo ting'onoting'ono timene thupi silipanga mokwanira, ndipo amenewa ndiwo mavitamini. NAD ija imapangidwa kuchokera ku niacin, amene ndi vitamini B3, ndipo enzaimu yolowetsa zidutswa za gulukosi m'mzere wa Krebs imafuna thiamine, vitamini B1. Niacin wa m'chimanga ndi womangika moti thupi limavutika kumupeza, n'chifukwa chake matenda a pellagra, amene amakhakhalitsa khungu, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu, amapezeka kumene anthu akudalira chimanga chokha popanda nyemba, mtedza kapena nsomba. Thiamine amakhala makamaka m'gaga ndi mumtima mwa njere, zimene timachotsa pokonola chimanga cha ufa woyera, ndipo pa mfundo imeneyi mgaiwa umapambana ngakhale ambiri timaupeputsa. Kuyambira mu 2003 boma la South Africa linalamula kuti ufa wa chimanga ndi wa buledi wogulitsidwa uziwonjezeredwa mavitamini amenewa ndi ena, pamodzi ndi ayironi ndi zinki.

Umboni woopsa wa zonsezi ndi cyanide, amene mbiri yake yakhudza mzinda uno ndiponso kwathu. Golide atapezeka mu 1886, migodi ya ku Witwatersrand posakhalitsa inafika pa miyala yakuya imene njira zakale zinkalephera kuchotsamo golide wokwanira, ndipo chimene chinapulumutsa migodiyo ndi njira yosungunula golide ndi cyanide, ya John MacArthur ndi abale awiri a banja la Forrest a ku Glasgow, imene inafika kuno mu 1890. M'thupi cyanide amakamatirira pa ayironi wa enzaimu yomaliza ya mzere wa maelekitironi, cytochrome c oxidase, imene imapereka maelekitironiwo kwa okosijeni. Imeneyi ikatsekeka mzere wonse umaima, damu lija limaphwa, ATP synthase imaleka kuzungulira, ndipo ubongo ndi mtima zimalephera m'mphindi zochepa ngakhale magazi ali odzaza ndi okosijeni ndi shuga.

Chinangwa chowawa chimadziteteza ndi poizoni yemweyu, ndipo chimamutulutsa ndi enzaimu. M'maselo ake muli mankhwala otchedwa linamarin ndiponso enzaimu yotchedwa linamarase, zosungidwa m'malo osiyana, ndipo selo likaphwanyika ziwirizi zimakumana, cyanide n'kutuluka. Amayi a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota akamasenda chinangwa, kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kuchisinja ndi kuchiyanika padzuwa asanapange ufa wa kondowole, amakhala akupereka mpata woti enzaimuyo imalizire ntchito yake kunja kwa thupi, poizoniyo n'kupita ndi madzi ndi mphepo. Wochepa amene watsala chiwindi chimamuchotsa ndi enzaimu ya rhodanese, imene imafuna sulufule wochokera m'zakudya za mapuloteni. Pa nthawi ya njala chitetezo chonse chiwiri chimagwa, chifukwa anthu amafupikitsa masiku oviika ndipo ndiwo zomanga thupi zimasowa. Umu ndi momwe matenda opuwalitsa miyendo otchedwa konzo anabukira m'chigawo cha Nampula ku Mozambique pa chilala cha 1981.

Poizoni wa makoswe wogulitsidwa mumsewu m'timapepala topanda dzina nthawi zambiri amagwira enzaimu ina, acetylcholinesterase, imene imafufuta uthenga wa mtsempha ukangofika ku mnofu. Ikatsekeka uthengawo sutha, malovu amatuluka osaleka, minofu imanjenjemera, ndipo kupuma kumalephera. Tameki amene timamudziwa kwathu amagwira motere, chimodzimodzinso terbufos, amene anapha ana 6 ku Naledi, ku Soweto, mu October 2024. Makolo tonse tiyenera kudziwa kuti timibulu tochepa kwambiri ndi tokwanira kupha mwana, popeza poizoniyo amangofunika kutseka mtundu umodzi wa enzaimu, ndipo amene wameza ayenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, kumene kuli mankhwala a atropine.

Kutseka enzaimu imodzi komweku ndiko maziko a mankhwala ambiri ochiritsa, malinga ngati enzaimuyo ili ya kachilombo. Penisilini amatseka enzaimu imene mabakiteriya amamangira khoma lawo, ndipo maselo athu alibe khoma lotero. Piritsi la TLD, limene anthu ambiri okhala ndi HIV akhala akumwa ku South Africa ndi ku Malawi kuyambira mu 2019, lili ndi mankhwala atatu. Tenofovir ndi lamivudine amafanana ndi timagawo ta DNA, moti enzaimu imene kachilomboka kamakopera chibadwa chake, reverse transcriptase, imawatola n'kuwaika mu unyolo, unyolowo n'kuthera pomwepo. Dolutegravir amatseka integrase, imene imalowetsa chibadwacho mu DNA ya munthu. Chiwindi ndi impso zimachotsa mankhwalawa m'thupi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake piritsilo limamwedwa tsiku lililonse, popeza mlingo wake m'magazi ukatsika maenzaimu a kachilombo amamasuka ndipo kamayambanso kuswana. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin amachititsa chiwindi kupanga maenzaimu ochuluka amene amaphwanya dolutegravir msanga, choncho munthu amene ali pa TLD akayamba mankhwala a TB amapatsidwa piritsi lina la dolutegravir la mamiligalamu 50, loti azimwa patapita maola 12. Abale amene amalandirira ma ARV kumudzi koma TB yawapezera kuno, kapena amene akusamutsa chithandizo chawo pakati pa mayiko awiriwa, ayenera kuuza anamwino mankhwala onse amene akumwa, kuti piritsi lowonjezeralo lisaiwalike.